Wosokoneza nkhani yanga akudziwa za dzino la m'kabokosi

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 38, ndimagwira ntchito pashopu ya fotokope. Makasitomala akachepa masana, ndimatsegula kompyuta n'kumalemba nawo m'buku lalikulu lija la pa intaneti, limene aliyense amatha kulembamo kapena kukonza nkhani. Salipira munthu, timangozikonda. Tilipo asanu ndi mmodzi amene timayang'anira nkhani za m'chinenero chathu, ndipo sitinaonanepo maso ndi maso. Wamkulu wathu ndi mphunzitsi wopuma pantchito amene tinawapatsa dzina loti a Chofufutira, chifukwa munthu akalemba zachibwana, mphindi zisanu sizitha asanazichotse. Ana asukulu amabwera kudzalemba kuti ahedi awo ali ndi mutu ngati dzungu, ife timabwezeretsa nkhaniyo mmene inalili, basi.

Miyezi inayi yapitayo, munthu wina wodzitcha Wodutsa anayamba kusokoneza nkhani ya makina osokera, imene ndinailemba ndekha. Pakati pa ndime ya mbiri ya makinawa anaikapo kuti, "Koma makina abwino kuposa onse ndi a amayi anga, amalira ngati kamwana ka mbuzi akasowa mafuta." Ndinaseka, n'kufufuta. Patatha milungu iwiri anabweranso: "M'kabokosi ka mabatani muli dzino langa." Aphungu, tsiku limenelo kasitomala ndinamupatsa mapepala opanda kanthu.

Amayi athu anali atelala. Makina awo amaliradi choncho, ndipo m'kabokosi kawo ka mabatani muli dzino la mlongo wanga wamng'ono, limene linaguluka ali mwana iye n'kukana kulitaya. Mlongo wangayo anachoka pakhomo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, atasiya sukulu ya zamagetsi kachiwiri. Woyankhula zoipa tsiku limenelo ndinali ine. Ndinati, "Pita, pakhomo pano palibe amene adzakusowe." Anatenga chikwama, nambala ya foni anasintha, mpaka lero zii. Dzina limene ndimalembera m'bukuli ndi Kasingano, lomwe iyeyo ankandinena nalo chifukwa cha lilime langa lobaya.

Tsopano ndiulule. Akalemba, sindifufutanso msanga. Ndimasiya mawu akewo tsiku lonse, ndikuwawerenga mobwerezabwereza ngati kalata. A Chofufutira anaona, n'kundilembera kuti, "Akasingano, maso afooka kodi? Zinyalala zagona patsamba lanu kuyambira Lolemba." Anzanga amuchenjeza Wodutsayu katatu, sanayankhe. Agwirizana kuti atsekeredwe mpaka kalekale mwezi uno usanathe, ndipo poti ndine mmodzi mwa awiri amene ali ndi mphamvu yotsekera munthu, ntchitoyo andipatsa ine.

Ndikamutsekera, ndatseka kanjira kokhako kamene ndimamvera kuti ali moyo. Ndikapanda kutero, ndikunamiza anzanga amene amandikhulupirira. Kumulembera patsamba lake lokambirana ndikuopa, chifukwa pamenepo aliyense amawerenga. Amayi sindinawauze. Maso awo anafooka, sasokanso, koma Loweruka lililonse amavundukula makinawo n'kuwathira mafuta. Ndamusowa mwana wa amayi anga, Aphungu, ndamusowa kwambiri. Nditani?

T.N., pashopu ya fotokope

Mwana wanga T.N.,

Pukutani misozi kaye, mapepala a eni ake anganyowe.

Choyamba, chala chanu chisakhudze batani lotsekeralo. Munthu saweruza mlandu wa m'bale wake, kaya kumuchitira chifundo kaya kumulanga. Lemberani a Chofufutira lero, mwamseri osati pagulu, muwauze kuti mukuganiza kuti Wodutsayu ndi mlongo wanu, choncho nkhaniyi aigwire mnzanu winayo. Apempheni kuti ngati malamulo anu akulola, akhome kaye tsamba la makinalo kwa kanthawi m'malo momutsekera munthu mpaka kalekale. Akhoza kuvomera, akhoza kukana, koma munthu amene waphunzitsa ana moyo wake wonse amadziwa kusiyanitsa mwana wamwano ndi mwana wosowa kwawo. Manyazi muchita, inde, koma a tsiku limodzi.

Mawu akewo muziwachotsa nthawi yomweyo monga mumachitira ndi a ena onse. Mwana wasukulu amene akufufuza za makina osokera sanabwere kudzawerenga za dzino la kwanu. Mwandiuza nokha kuti mumabwezeretsa nkhani mmene inalili, ndiye kuti zakale sizitayika. Kaziwerengereni kumeneko mtima ukafuna.

Tsono ndikufunseni. M'buku lonselo, nkhani zambirimbiri, n'chifukwa chiyani munthuyu anasankha ya makina osokera, yolembedwa ndi Kasingano? Ngati alidi iye, akudziwa bwino lomwe amene akufufutayo. Wabwera kangapo, ndipo kuchokera kwa inu amangolandira chofufutira, kuchokera kwa anzanu chenjezo. Simukuona kuti akudikira liwu lanu?

Mulembereni patsamba lake lokambiranalo, mwachidule, mawu oti mlendo akawerenga asatolepo kanthu. Mwina motere: "Dzinolo likadalipo, makina akulirabe. Ndilembere mwamseri." Tsegulani imelo yatsopano ya nkhani iyi yokha kuti akupezerenipo. Loweruka likubwerali, amayi asanathire mafuta, pondani makinawo pang'ono, mujambule kulira kwake pafoni, mukusunge. Akayankha, mudzakhale ndi chomutumizira.

Koma chenjerani. Pa intaneti munthu amavala nkhope iliyonse, ndipo nkhani ya dzino mlongo wanu akhoza kuti anaifotokozerapo mnzake. Musaike nambala yanu, dzina lanu lenileni kapena kumene mumakhala pamalo owerenga aliyense. Musapemphe anzanu kuti amufufuze kumene ali, mungawaike m'mavuto, iyenso mungamuthawitse. Akakulemberani, mufunseni chinthu china chimene amadziwa ndinu awiri okha, kenako mumve mawu ake pafoni. Amayi muwauze pokhapokha mutamumva ndi khutu lanu. Mtima wa kholo si woukweza m'mwamba n'kuugwetsanso.

Akakhala iyedi, musayambe ndi kumufunsa kumene anali kapena za sukulu ija. Zolakwa za anthu osawadziwa mwakhala mukuzikonza kwaulere tsiku ndi tsiku, koma mawu aja munanena pakhomo akhala zaka zisanu ndi ziwiri osakonzedwa, ndipo a Chofufutira sangakuchotsereni. Muuzeni kuti, "Ndinanama, mlongo wanga. Tinakusowa kuyambira tsiku lomwelo."

Aphungu