Mwendo wa bambo unazizira, ine osauzidwa

Aphungu,

Foni inalira ndili m'wodi, nditangovula magolovesi. Anali mng'ono wanga Ezeliya. Anangoti, "Achemwali, bambo atisiya," ndipo chapatali ndinamva amayi akulira. Ine sindimadziwa n'komwe kuti bambo akudwala.

Ndine dokotala, ndimagwira ntchito mu Lilongwe, kwathu ndi ku Nsaru. Sabata yomweyo ndinali nditauzidwa kuti ndasankhidwa kukaphunzira kunja za opaleshoni ya mitsempha ya magazi, pamodzi ndi kafukufuku wa matenda ake. Ndimati ndikawauze bambo pamaso, ndione nkhope yawo.

Zonse ndinazimva pamaliro. Bambo anali mlimi wa fodya, ndipo chingambwe sichinkachoka pakamwa pawo. Amayi akuti kuyambira chaka chatha, popita kumunda bambo ankaima kawirikawiri ngati akuona fodya wa anzawo, chonsecho katumba akuwawa. Kenako phazi linazizira. Abale anati aponda mankhwala m'malire a munda. Anawatema mphini, n'kumawaothetsa moto kuti phazi lifunde. Linapsa iwo osamva, chilonda osapola. Amayi atafuna kundiimbira, ine ndili pa mayeso ofunira maphunzirowa, bambo anati, "Mwanayo ali pa mayeso, mungamusokoneze mutu." Zala zitada anapita kuchipatala, koma anakana kudulidwa mwendo. Akuti anaseka, n'kunena kuti, "Kumanda ndikalowe chotsimphina ngati ndaledzera?"

Aphungu, zizindikiro zonsezi zili m'mabuku amene bambo ankandinyamulira pa njinga. Ndikanangogwira phazilo ndi dzanja, ndikanadziwa kuti mtsempha watsekeka. Ndimakonda kuwerenga chiyambire ubwana, koma pano ndikatsegula buku ndimangoona phazi lija.

Sukulu ikuyamba mvula ikadali pakati. Kumeta kwachiwiri, pamene amayi adzamasulidwe pa maliro, kudzachitika tikakolola. Atsibweni anga a Ishmael akuti mwana woyamba sawoloka malire amayi ake asanamasulidwe. Pamaso pa anthu anandiuza kuti, "Adokotala, mwendo umodzi wa bambo anu wakukanikani. Ndiye mukukaphunziranso chiyani?" Nanenso ndikukayika, chifukwa theka la maphunzirowa n'lokhala mu labotale, kutali ndi odwala. Kodi ndikapita si kuthawa? Nanga ndikakana, malowa adzapezekanso?

T.K., Nsaru

Mwana wanga T.K.,

Pepani kwambiri. Choyamba, dokotala sachiza mwendo umene sanaonetsedwe. Bambo anu anabisa pofuna kuti mukhoze mayeso. Analakwitsa, koma analakwitsa chifukwa chokukondani. Mawu a atsibweni ndi opweteka, komabe muwamvetse: mwina analipo pamene phazilo linkaikidwa pamoto, ndipo nawonso chikuwadya mumtima.

Malowo musawakane musanafunse. Auzeni a sukuluwo kuti mwaferedwa, ndipo pemphani kuti mukayambe mochedwerapo kapena adzakupatseni tchuthi pa nthawi yometa. Kupempha si mlandu.

Kenako khalani ndi amayi anu awiriwiri, atsibweni palibe. Mwamva maganizo a aliyense kupatula a mwini maliro. Afunseni chimene akuopa. Mwina ndi kusowa kwanu pa mwambo, mwina n'kuti adzadwala inu muli kutali. Ngati n'zachiwirizo, apimeni shuga ndi kuthamanga kwa magazi musanachoke, ndipo mugwirizane nawo pamodzi ndi Ezeliya kuti pakhomopo matenda asadzabisidwenso, kaya muli pa mayeso kaya ayi.

Kwa atsibweni musapite nokha, komanso musalankhule nawo pa foni. Tengani azakhali anu, mukapemphe kuti mabanja awiri, la kwa bambo ndi la kwa amayi, akhazikitse tsiku lometa msanga, inu mulonjeze kudzakhalapo. Munthu wamkulu akapemphedwa safanana ndi akangouzidwa.

Za labotale zisakuvutitseni. Opaleshoni ipulumutsa amene wafika msanga. Nanga anthu akwanu amafikiranji mochedwa? Ndi angati amene mitsempha ikutsekeka ku Kabudula ndi ku Nambuma? Mafunso amenewa akufunika munthu wodziwa tanthauzo la kuponda mankhwala, amene sangaseke. Pitani nawo amenewo. Ndipo musananyamuke, pemphani alangizi a zaumoyo akwanu kuti muyankhule nawo anthu: phazi lozizira si la moto kapena lumo, n'lothamangira nalo kuchipatala. Munene mofatsa, osatchula abale anu.

Chenjezo langa ndi ili: musapite ngati munthu wokagwira chilango. Mukatero mudzatopa chaka chisanathe. Lirani kaye, mabuku akudikirani. Ndipo mukamaliza mudzabwerere, chifukwa mukakhalitsa kumeneko atsibweni adzakhala kuti ananena zoona.

Bambo anu sabweranso, ngakhale mutakhala katswiri wotani. Amene atsala ndi amayi anu, ndi abambo ena a ku Nsaru amene mawa m'mawa aima panjira ya kumunda ngati akuona fodya wa anzawo.