Chithunzi cha Amayi pa Laputopu

Lachinayi madzulo. Mtima sunakhale m'malo lero.

Achimwene anabwera ndi laputopu kuchokera ku Malosa kuti ndiwaonere ngati ili bwino asanagule. Ndi yopyapyala ngati kope, ndipo batire lapirira tsiku lonse magetsi atazima. Pofuna kuyesa sikirini, ndinatsegula chithunzi cha malemu amayi chomwe ndinawajambula akupeta mpunga pakhonde. Pafoni ankaoneka athanzi. Apa zonse zinaonekera: maso achikasu, milomo yosweka, mapazi otupa. Anali atatsala pang'ono kugonekedwa m'chipatala, ndipo ine ndinali pomwepo osaona kanthu.

"Nanga ndigule?" anafunsa achimwene.

"Gulani, ikuonetsa bwino," ndinatero.

Chithunzicho sindinawaonetse. Mwina mawa, kaya...