Dzina limene agogo anatumiza kuchokera kunkhondo

Amayi, kumene muliko mukudzuka bwanji masiku ano? Mawondo aja anasiya kodi?

Kuno tilipo. Mvula inabwera mochedwa koma mng'ono wanga Linesi kumudzi wakolola ndithu, chimanga ndi mtedza womwe. Mchimwene wanga Yohane akadali ndi kashopu kake kaja ka zitsulo za njinga ku Old Town, mimba yokha ndiyo yakula kuposa bizinesi. Ine ndili momwe munandisiyira, m'nyumba ya ku Area 14 ija munkati ikufanana ndi chipatala chopanda odwala. Ndikaweruka ku ofesi ndimatsegula geti, galu wa aneba n'kuuwa kawiri, basi ondilonjera athera pomwepo. Phokoso la kwanu lija ndinkadandaula nalo, lero ndimachita kulifuna. Loweruka lina ndinapita kumsika osafuna kugula kanthu, ndinangoti ndikapanikizane ndi anthu.

Nkhani yaikulu ndi yakuti mdzukulu wanu Thoko, mwana wanga uja, wachira. Ndi mwana wamkazi, wa zala zazitali ngati zanu. Atuluka chikuta Loweruka lino, ndipo wotchula dzina ndine. Akuchimuna anandiuza kalekale pakati pasanaoneke n'komwe kuti akadzakhala wamkazi dzina lichokere kwathu, poti maliro anu anali asanaiwalike. Ndinavomera msangamsanga chifukwa ndinkadziwa dzina limene ndikufuna. Si la Esinati limene munabatizidwa nalo, koma lija bambo anu anatumiza pakalata ali kunkhondo kutsidya la nyanja, inu mutayamba kale kukwawa iwo asanakuoneni. Munandiuza kuti okuitanani nalo anali makolo anu okha, ndipo iwo atapita linapita nawo.

Amayi, dzinalo ndaliiwala. Ndachita manyazi kunena zimenezi kwa munthu wamoyo, ndiye ndikunena kwa inu.

Si kuti simunandiuze. Lamulungu lililonse ndikabwera kudzakuonani tikatuluka m'tchalitchi, munkakoka sutikesi yachitsulo ija kunsi kwa bedi n'kuyamba kuwerenga makalata a agogo, kuyambira yoyamba. Za nsapato zolemera, za mpunga wa tsiku ndi tsiku umene unawakola, za mbuzi yawo imene ankaifunsa kawirikawiri kuposa anthu. Pena mizere inali yodetsedwa ndi inki, munkati akuluakulu a usilikali ankafufuta maina a malo, ndipo mukafika pamenepo munkakhala chete pang'ono ngati mukudikira kuti mawuwo abwerere. Ine ndinkangoti eee, eee, maso ali pafoni. Mukandiona munkati, "Iwe thupi lili pano, makutu wasiya ku City Centre." Ndinkaseka. Ndinkaona ngati Malamulungu satha.

Zimene zinachitika ndi mapepalawo mutapita sindinakuuzeni. Tsiku logawa katundu wanu, mng'ono wanu amayi aang'ono a Elube ndiwo anakhala pamphasa. Mukuwadziwa kuti safuna aliyense adzawanene kuti anakondera. Zitenje anagawa bwino, mbale anagawa bwino. Atafika pa sutikesi anatenga makalata aja n'kuyamba kuponya ngati tomato wa pamulu, iyi ya Yohane, iyi ya Linesi, iyi yanga, osayang'ana kuti yoyamba ndi iti. Kenaka anatulutsa kope lija agogo analembamo mbiri ya koleji ya aphunzitsi kumene anaphunzira. Analitembenuza uku ndi uku, anaona kuti ndi limodzi ana tili atatu, n'kuitanitsa lumo. Anadula ulusi wa pamsana, kope linasanduka mitolo itatu. Ine ndinalipo, Amayi. Ndinali ndi tulo ta masiku anayi ndipo maganizo anali pa mabasi a anthu obwerera kwawo. Sindinawaletse.

Ndiye Thoko atangondiuza za pakati pake ndinayamba kufunafuna dzinalo m'mulu wanga wa makalata. Ndinapezamo kalata imene agogo akufunsa ngati mwana wabadwa, akudandaula kuti miyezi yakwana koma kwawo kuli zii. Yotsatira yake munalibe. Ndinapita kwa Yohane. Ake anawaika m'jumbo pamwamba pa wadiropu, mphemvu zitadyako m'mbali. Anandiyang'ana ndikupukuta fumbi n'kuti, "Achemwali, mapepala akale omwewa mpaka kuwotchera mafuta? Mukanangoimba foni." Sindinamuuze chimene ndikufuna. Linesi ake anatumiza pa basi atawakulunga m'chitenje pamwamba pa thumba la mtedza, moti mpaka lero makalata a kunkhondo akununkha mtedza.

Ndinawayala onse patebulo lalikulu lija palibe amene amadyerapo, n'kuwaika mundondomeko monga munkachitira inu. Zinanditengera masabata, chifukwa zolemba za agogo n'zopendekera ndipo inki inazilala. Pena ndinkapezeka ndikuwerenga mokweza, mawu anga n'kumamveka m'zipinda zopanda anthu. Kalata yofunsa za mwana ilipo. Ina ya patsogolo pake ilipo, akufunsa ngati mwanayo wamera mano, koma akungoti "kamtsikana kanga". Ya pakati, ya dzina, palibe.

Chiyembekezo changa chinatsalira m'kope lija. Nditaphatikiza mtolo wanga ndi mitolo imene Yohane ndi Linesi anandipatsa pamodzi ndi makalata, ndinapita nalo kwa Che Yusufu osoka nsapato pafupi ndi mzikiti, aja munkawapatsa masilipasi anu. Anasamba m'manja kaye asanaligwire, n'kulisoka ndi ulusi wa nsapato. Anati ndikupatseni moni ndikamapemphera. Ndaliwerenga lonse, Amayi, koyamba m'moyo wanga. Sindinkadziwa kuti njerwa za makalasi oyamba anaumba ophunzira okha, m'mawa kalasi, masana kudambo. Sindinkadziwa kuti olemba usilikali atafika, kalasi la agogo linachoka pafupifupi lonse, mabuku n'kutsala m'madesiki, ndi kuti pobwera anakhalanso pa benchi lomwelo, malo ena ali opanda eni. Analemba maina a anzawo onse amene sanabwerere, ndi midzi yawo, ndi amene ankaimba bwino. Munthu wosunga maina chonchi, ndinati, la mwana wake sangalisiye. Pali tsamba limodzi lokha lonena za inu. Akuti atatsika sitima anapeza mwana wamkazi akuyenda kale, ndipo atamutambasulira manja anathawira kumbuyo kwa nkhokwe. Dzina sanalembe. Ndiye kuti kwa iwo linali losaiwalika, silinkafuna pepala.

Pali mphunzitsi wina wa pakoleji pomwepo amene wakhala akulifuna kopelo, akuti mbiri ya zaka zimenezo ilibe poiwerenga pena. Nditamuuza za lumo la amayi aang'ono anagwira mutu. Ndamulola kuti adzalijambule tsamba ndi tsamba, koma kwathu konkuno, ine ndili pomwepo.

Dzulo ndinapita kwa Mayi Gondwe, anzanu aja munkakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi. Akalamba, maso akuvuta, koma mutu uli bwino. Ndinawafunsa mozungulira ngati munawatchulirapo dzina lanu la paubwana. Anati ayi, iwo amangodziwa Esinati. Kenaka anati, "Koma kalata ya dzinayo si ija ankayenda nayo m'buku la nyimbo? Inali yopindidwa kanayi, kuseri kwa chikuto. Nthawi ya ulaliki wautali ankangoisisita ndi chala."

Buku la nyimbo lija mukudziwa kumene lili. Amayi a kumpingo atakuvekani yunifolomu yanu yoyera ndi duku, anandiitana ine monga mwana woyamba n'kundipatsa bukulo kuti ndikuikireni m'manja, monga amachitira ndi mzimayi aliyense wa gulu lawo. Ndinalilandira, ndinaona kuti ndi lotupa pang'ono kumapeto, ndinaganiza kuti ndi timapepala ta zolengeza. Ndinaliika pachifuwa panu, n'kupinda zala zanu pamwamba pake. Ndinaika ndekha.

Pobwerera ndinaima pa mlatho wa Lilongwe kanthawi, anthu akundigunda mapewa, ndipo ndinalira. Poyamba ndinakukwiyirani kuti bwanji simunaisunge pamodzi ndi zinzake. Kenaka ndinaona kuti mukanatero, bwenzi itaponyedwa pamulu wa wina, mwina mphemvu zitadya pomwe pali dzinapo. Makalata ena onse agogo ankalembera mkazi wawo, imeneyo yokha ndiyo inali yanu. Bambo amene munawathawa tsiku loyamba anakupatsani kanthu asanakuoneni, ndipo mwapita nako. Sindingakulandeni.

Tsono Loweruka ndikanyamula mwana uja pamaso pa anthu, ndidzati Esinati. Onse adzaomba m'manja, adzati watchula agogo ake, ndipo palibe amene adzadziwe kuti ndatchula dzina lachiwiri chifukwa loyamba sindinalimvere. Ndidzadziwa ndekha, ndi inu. Ngati kumeneko amalola kutuma mawu, masiku atsala atatu, ndipo ulendo uno makutu ndili nawo. Ngati salola, mundikhululukire, ndipo mwanayo mumulandire ndi dzina limene ndakwanitsa.

Ndamuuza kale Thoko kuti tsiku langa likadzafika adzagawe zitenje ndi mbale momwe angafunire, koma sutikesi ikhale yathunthu m'manja amodzi. Ndipo ndikulonjeza kuti Esinati wamng'ono akadzayamba kumva, Lamulungu lililonse ndidzamuwerengera makalata a agogo kuyambira yoyamba. Tikadzafika pamene pakusowa imodzi ndidzamuuza zoona, kuti ili ndi mwini wake.

Ndakusowani kwambiri, Amayi. Mupereke moni kwa agogo, muwauze kuti kope lawo lasokedwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Agnesi