Mwendo Umene Achimwene Ankati Adzauthyola

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Nkhulambe tilipo. Nandolo wa m'munda mwanu wabereka mpaka nthambi kugwada, chinangwa chokha ndiye mfuko zatidyera. Mbuzi yanu yaliuma ija inaswa awiri, ndipo onse atengera amawo. Nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu Tiyamike, uja munkati sadzakhazikika: wapeza mwamuna wa kwa Kaduya, mnyamata waulemu wake.

Mukudziwa kuti chinkhoswe sichiyenda popanda malume. Akuchimuna anafunsa, nafunsanso, kuti mwinimbumba ali kuti, mpaka anayamba kunong'onezana kuti mwina banja lathu lili ndi chobisa. Tiyamike anasiya kudya. Malume ake ndi amodzi basi, achimwene a Lusiyano, mwana wanu woyamba. Chimene simukudziwa n'chakuti titangometa pamaliro anu, iwo anafuna munda wanu wa kudambo. Akuluakulu anati munda ndi wa mwana wamkazi, mwamuna amalima kuchikamwini. Achimwene anadzuka pamphasa nandiloza chala: ndikadzaponda pakhomo pawo adzandithyola mwendo. Kuyambira pamenepo, zii.

Ndinkawaopa, Amayi, ndisaname. Ndinayamba ndatumiza thadzi lija lamawangamawanga pa kabaza. Madzulo linabwerera, luzi lake lomwelo kumiyendo. Pano likuikira mazira ngati palibe chinachitika. Ndinakumbukira mawu anu aja, akuti chibale ndi fupa sichiwola, komanso kuti kwa mbale wako umapita ndi mapazi ako.

Ndiye ndinanyamuka m'mawa wapansi, kulowera ku Fort Lister kumene achimwene anakwatirako. Nditafika pakamtsinje komaliza, mudzi wawo uli tsidya linalo, ndinaopa kuwoloka. Ndinakhala pamwala. Mundikhululukire, Amayi, ndinakangana ndi Mulungu mokweza ngati ndikukangana ndi mnzanga pachitsime. Ndinati, "Munanditengera mayi anga, ndinakhala chete. Mwanditengeranso mlongo wanga ali moyo. Ndimasesa m'nyumba mwanu Loweruka lililonse, ndiye mwana wanga alephere banja chifukwa cha dambo? Sindiwoloka, ndipo kwathu sindibwerera, mpaka mundiyankhe."

Nditangotseka pakamwa, nkhungu inatsika kuchokera kuphiri la Michesi. Ndinakulira pansi pa mapiri awiriwa, Michesi ndi Mulanje, koma yotere sindinaionepo. Inameza Mulanje yense, inameza mitengo, mpaka mapazi anga omwe sindinkawaona. Mbalame zinaleka kulira. Tsitsi linandiima, thupi lonse tsemwe. Mantha oopa achimwene anaoneka aang'ono ngati njere ya mapira, chifukwa ndinadziwa kuti pamwalapo sindili ndekha, ndipo amene ndamukalipirayo wandimva. Nkhani munkaikonda ija, ya munthu amene analimbana ndi Mulungu pamtsinje nachoka akutsimphina, ndinkaiyesa ya anthu akale okha.

Ndinaimirira, n'kulowa m'madzi. Pakati penipeni ndinaponda mwala wa ndere, n'kugwa chammbali. Nyonga inalira kuti thobo, ndipo kudzuka kunakanika. Ndili gone m'madzi ozizirawo ndinamva belu la njinga m'nkhungumo, kenako ndinaona munthu atandiimirira.

Anali achimwene. Anati, "Felesiya, wakabaza uja anandiuza kuti ukubwera. Ndimati ndidzakubwezere pompano." Ndinati, "Achimwene, mwendo uja ndi uwu, koma mwachedwa, ena athyola kale." Sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nanenso ndinawayang'ana. Amayi, akalamba, ndipo akalambira kwa inu. Makwinya apachipumi ndi anu, kampata kamano kaja ndi kanu, ngakhale kunjenjemera kwa mlomo pofuna kulira. Ndinapempha kuti Mulungu andiyankhe, ndipo anandionetsa nkhope yanu pa munthu amene ndinkamuopa koposa.

Analowa m'madzimo ndi nsapato zomwe, nandibereka kumsana ngati kale tikamachokera kudimba. Tsidya linalo anandikhazika panjinga n'kumakankha, akung'ung'udza kuti ndanenepa ndi nandolo wa m'munda mwawo. Titafika kwawo anandinyamulanso mpaka pamphasa m'nyumba. Choncho pakhomo pawo sindinaponde, Amayi. Anachita kundilowetsa okha.

Kuchipatala anati fupa silinathyoke, koma ndizitsimphina kwa nthawi ndithu. Sindikudandaula. Ndikamakoka mwendowu popita kotunga madzi, ndimakumbukira nkhungu ija, ndipo pemphero langa masiku ano ndi lalifupi, lamantha pang'ono. Za munda sitinakambe, mwina tidzakanganabe. Koma pa chinkhoswe cha Tiyamike adzakhala pamalo pawo, ndipo anandituma ndiwauze akuchimuna kuti asabwere ndi tambala wowonda.

Ndakusowani kwambiri, Amayi, ndipo ndimakukondani monga kale. Mvula isanagwe ndibwera kudzalambula pamanda panu. Mukadzamva wina akukoka mwendo, wina akumukalipira kuti afulumire, musadzadabwe. Tidzakhala ife, ana anu onse awiri.

Ndine mwana wanu,
Felesiya