Inkadontha ndi thanki, achimwene

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino, poti pakamwa panu pokha ndamva kuti m'pamphamvu zedi. Nanga amayi miyendo ija ili bwanji? Ine ndilipo, koma ndakwiya nanu kwambiri.

Alamu andiuza pafoni kuti mwakhala mukulengeza kuti ndinachotsedwa ntchito chifukwa choba mafuta. Munandiona ndikuba inuyo? Mwangomva kwa dalaivala wodutsa, basi mwanyamula! Tamverani tsono, popeza kufunsa kunakukanikani.

Ntchito yanga pamalo omwetsera mafuta pano ndi kuyeza mathanki okwiriridwa pansi. Madzulo tikatseka ndimalowetsa ndodo yaitali yamizeremizere mpaka igunde pansi, n'kuona pamene yalekezera kunyowa. M'mawa ndimayezanso. Mwezi watha thanki ya dizilo inayamba kutsika chala chathunthu usiku uliwonse, mapampu ali chitsekere, maloko ali bwinobwino. Ndinawauza abwana katatu konse kuti pansipo pakudontha. Iwo anati chitsulo sichimwa mafuta, akumwa ndi wosunga makiyi. Anandilanda makiyiwo anzanga akuonerera, n'kundiuza kuti ndikakhale kunyumba.

Patatha masabata awiri, mayi wina wa kuseri kwa mpanda anabwera ndi ndowa ya madzi a pachitsime chake, akununkha dizilo okhaokha. Nthawi yonseyo mafuta ankatsikabe, ine kulibe, makiyi ali m'thumba mwa abwana. Atakumba anapeza dzimbiri litaboola thanki kunsi. Andiitananso, ndipo Lolemba ndinagwiranso ndodo yanga. Sanapepese ayi, koma iwowo si m'bale wanga.

M'bale wanga ndinu, ndipo taonani zimene mwachita. Bulangeti limene ndinatumizira amayi labwerera chimangire, ndi uthenga woti iwo sangafunde zakuba. Kuzizira konseku, munthu wamkulu akugona ndi kansalu chifukwa cha lilime lanu! Ndinalira, achimwene, sindikubisirani.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani mukakhale pansi pamaso pa amayi, mukanene ndi pakamwa panu pomwepo kuti munalankhula zimene simukuzidziwa. Musatume alamu, musatume mwana. Ine ndikanena ndekha aziti ndikudziyeretsa, poti anakhulupirira inu. Bulangetilo ndilitumizanso Lachisanu, ndipo likabwereranso musadzanditchulenso kuti mlongo wanu.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali, alamu ndi ana onse. Moni wanu ndayamba ndausunga.

Ndine,
mlongo wanu amene simunamufunse.