Manja a Adadi

Lolemba, 4 Ogasiti
Ndatulukira chinthu! M'mawa uliwonse manja a Adadi amanjenjemera, ulusi pasingano ndimawalowetsera ine. Koma akangozemba kuseri kwa shopu mphindi zisanu, pobwera manja ali zii, msoko wowongoka ngati wa rula. Kuseriko kuli chiyani? Ndakasuzumira. Kabotolo ka mowa woyera ngati madzi, m'thumba la zidutswa za nsalu.

Lachiwiri, 5 Ogasiti
Mutu wanga sukugwira. Mowa umadzandiritsa anthu, nanga iwowa ukuwaongola bwanji? Ndafukula buku langa la Bayoloje. Za chiwindi zokhazokha, za manja mulibe. Ndinawayang'anitsitsa m'maso akuyeza kasitomala. Achikasu pang'ono, kapena ndi kuwala kwa katani? Nditafunsa Amayi anangoti, "Iwe wasayansi, tasita madiresiwo."

Lachinayi, 7 Ogasiti
Kafukufuku wanga: ndakhuthula mowa, ndathiramo madzi. Ndimafuna ndione ngati manjawo anganamizidwe. Sananamizidwe. Adadi anabwera kabotolo kali m'manja, kundiyang'ana nthawi yaitali. Osakalipa. Manyazi okhaokha. Akuti ngati mpaka mwana wadziwa, basi asiya lero lomwe. Ndavina m'bafa!

Lachisanu, 8 Ogasiti
Thukuta, kusanza, chakudya ayi. Masana amakutumula diresi la mkwatibwi, akuti ladzaza nyerere. Panalibe ngakhale imodzi. Ndinaseka. Ndauza Amayi kuti ndi poizoni akutuluka, asadandaule, ndinawerenga.

Lachiwiri, 12 Ogasiti
Kuchipatala. Za poizoni zija sindinawerenge paliponse, ndinangopeka.

Loweruka Adadi anagwa pamakina, thupi lonse kugwedezeka, kudziluma lilime, magazi pamalaya. Ndaulula zonse kwa anesi. Sanandinyoze. Akuti ubongo wozolowera kupanikizidwa ndi mowa tsiku ndi tsiku uli ngati sipuling'i, ukauchotsera mwadzidzidzi umafwamphuka, ena amafa kumene. Wofika ponjenjemera m'mawa amasiyira mowa kuchipatala, ndi mankhwala. Kunjenjemera kuja kunali thupi kuitanitsa. Za maso ndinalondola, chiwindi chayamba kutupa, koma akapanda kumwanso chikhoza kupepukidwa.

Ndinafunsa mafunso mpaka anandibwereka cholembera. Kenako ndinakalira pampopi.

Lachinayi, 14 Ogasiti
Adadi akudya, akunyoza kasokedwe ka makatani a muwodi, ndiye kuti ali bwinoko. Anandituma singano ndi ulusi. Ayesa kakhumi ndi kamodzi, ndimawerenga chamumtima. Nditatambasula dzanja anati, "Wasayansi, ntchito yako ndi kuyang'ana."

Sunalowe.

Pobwerera ndimaganiza zowasinthira singano, ndiwapatse ya bowo lalikulu, sangazindikire. Ndinafika poiika m'chikwama.

Ayi. Zosintha zinthu mobisa zandikwana. Mawa nditenga zonse ziwiri, asankhe okha.