Ndege Yosafuna Bwalo

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno kutsidya la nyanja, ku Etobicoke, tilipo ndithu, kungoti mtima wanga suli m'malo, ndiye ndati ndikhale pansi ndikuuzeni.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu Asiyatu anabereka mwana wamkazi nthawi yozizira ija, ndipo tamupatsa dzina lanu. Akakwiya amatsinzina diso limodzi ngati inu nomwe. Kumudzi, achemwali a Hawa akuti chimanga chakudambo chachita bwino, koma mtengo wa mango wakuseri kwa nyumba unagwa ndi mphepo. Akutinso mlatho uja anaumanga. Uthengawo unandipeza ndili m'basi, ndinangotsika pa siteji yosakhala yanga n'kumayenda wapansi.

Inu mukudziwa chifukwa chake. Tsiku limene munadwala mwakayakaya, madzi anali atakokolola mlathowo. Ambulansi inaima tsidya lina, anthu akukunyamulani pa machira, kufunafuna powolokera. Munatisiya m'mphepete mwa mtsinje, ine ndili kuno, foni ili m'manja.

Mukumukumbukira Dalitso, mnzanga wakusekondale amene ankabwera kwathu pa holide? Munkati, “Uyunso ndi mwana wanga, mupatseni bulangete labwinolo.” Nayenso ali kuno, ndi injiniya ngati ine. Nditabwerako kumaliro anadzandipepesa, ndipo anati tipange ndege yosafuna bwalo, yoti izitenga odwala kumene misewu yaduka. Ndinasiya ntchito yanga yokonza ndege, tinatsegula kakampani m'nyumba ina yosungira katundu ku Mississauga. Iye ankayang'anira zofunafuna anthu otithandiza ndi ndalama, ine zitsulo ndi mawaya.

Ndikufotokozereni ndegeyo, popeza simunaione. Mapiko ake amatembenuka. Ponyamuka amaloza kumwamba, n'kuikweza chiimirire ngati helikoputa. Ikafika m'mwamba amagona, ndipo imathamanga ngati ndege wamba. Ikhoza kutera pa bwalo la mpira lapasukulu yakwathu ija.

Si ife oyamba kuganiza zimenezi. Anthu anayamba kuyesa kalekale, inu muli khanda. Ena anapanga ndege yoima ndi mchira ngati botolo, ndipo potera woyendetsa ankachita kucheukira kumbuyo ngati munthu wotsika mumtengo. Kuno komwe ku Malton, pafupi ndi bwalo lalikulu la ndege, anapanga ina yozungulira ngati lichero. Inkanyamuka kulekeza m'chiuno mwa munthu n'kumangogwedezeka, mpaka anaisiya. Ina ya mapiko otembenuka ngati yathuyi inauluka bwinobwino, koma inasowa oigula, lero anthu amangokaionera kunyumba yosungira zinthu zakale. Ndinawerenga zonsezo, ndipo ndinkaopa mphepo, kulemera kwa mabatire ndi injini kuzima m'mwamba. Munthu sindinkamuopa. Munkandiuza kuti, “Amidu, iwe vuto lako aliyense wokusekerera umati ndi m'bale wako.” Ndinkaseka.

Ndege yathu yoyamba yoyesera, yopanda munthu mkati, inapendekeka n'kuthyoka phiko. Ina inapsa batire tisanainyamutse n'komwe. Koma chaka chatha tinapita nayo yatsopano kumunda wina kunja kwa tauni, ndipo inakwera, inagoneka mapiko, inazungulira, n'kudzatera pomwe inanyamukira. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa n'kulira. Dalitso anandikumbatira, nayenso misozi ili mbwembwembwe.

Nthawi imeneyo ndi pomwe anandipempha chithunzi chanu, chija munavala nsalu yobiriwira pa ukwati wa a Hawa. Anati anthu aone nkhope ya munthu amene ndegeyi ikanamupulumutsa. Ndinamupatsa ndi mtima wonse. Anachikulitsa n'kuchipachika mu ofesi, ndipo kulikonse kumene ankalankhula ankafotokoza za inu ndi mlatho. Azungu ankapukuta m'maso.

Mwezi wathawu kunali chionetsero kuhotelo ina m'tauni. Dalitso anati ndisavutike kupita, poti mwana anali ndi chifuwa. Asiyatu ndiye anati, “Pitani abambo ake, ntchitoyo ndi yanu.” Ndinalowa atayamba kale kuonetsa kanema. Nkhope yanu ndiyo inali pakhoma, yaikulu ngati chitseko. Kenako inabwera ndege yathu, yopakidwa utoto wina. Pamalo pamene ndinayeza kuti pazigona wodwala ndi namwino pambali, panali mipando yachikopa. Ikunyamula anthu olemera kuchokera pabwalo la ndege kupita kunyumba zawo zopumulirako kunyanja zakumpoto, kuti asachedwe ndi magalimoto pamsewu. Anthu anaomba m'manja.

Amayi, Dalitso kampani anali ataigulitsa kale, poti mapepala ake onse anali m'dzina la iyeyo. Pamene ankabwera kudzaona mwana, n'kumunyamula, n'kumuitana ndi dzina lanu, anali atasayina.

Ndinamudikira panja pa chitseko. Atandiona anati, “Aise, tamvera kaye. Kumudzi kulibe msika. Tikakhazikika tidzabwerera ku za odwalazo.”

Ndinati, “Chabwino, ndegeyo tengani. Koma amayi anga achotseni m'kanemamo.”

Anayang'ana pansi, kenako anati, “Chithunzicho ndiye chimene anthu amakonda, amwene.”

Mawu amenewo sakundichoka m'makutu. Mnyamata amene munkamuchapira malaya asukulu! Akanati ndegeyo yakanika kuuluka ngati zakale zija, ndikanapirira, pakuti chitsulo chikakana chimakana poyera. Koma yathuyi ikuuluka, Amayi. Ikuuluka bwino kwambiri, ndipo sidzafika kumtsinje kuja.

Ndinakaonana ndi loya. Akuti zojambula zonse za ndegeyo ndi za eni atsopanowo, ngakhale zinatuluka m'mutu mwanga. Za chithunzi chanu akuti tikhoza kulimbana nawo, koma zitenga nthawi. Ntchito ndasiya. Ndabwerera kwa abwana anga akale kukapempha malo, akuti ndidikire. Asiyatu sanandinene, wangowonjezera masiku kumene amasamalira okalamba ku North York, ine ndikulera mwana. Kumzikiti anthu akundifunsa za ndege, ndimangoti ikuyenda.

Dzulo ndinapita ku ofesi kukatenga zida zanga. Mlonda watsopano ananditsatira mpaka mkati. Ndinakwera pampando n'kukutsitsani pakhoma. Iye anati katundu wa kampani satuluka. Ndinamuuza kuti awa ndi mayi anga. Anandiyang'ana, anayang'ana inu, n'kunditsegulira chitseko. Ndiye munakwera basi ya ku Mississauga, Amayi, muli pamiyendo panga, nkhope yanu italoza kuwindo.

M'kanema muja mukadalimo. Ndikulonjeza kuti sindipuma mpaka mutachokamo, ndipo nkhani ya imfa yanu sindidzaiperekanso kwa munthu kuti akagulitsire malonda. Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu,
Amidu